Mwini dziko ndani? Chifukwa chake ku Australia amayamba atchula eni nthaka msonkhano usanayambe

M'mamawa wa pa 25 Epulo 2025, kunja kusanayere, khamu la anthu lidasonkhana pa chipilala cha chikumbutso cha asilikali mumzinda wa Melbourne ku Australia. Linali tsiku la Anzac, lomwe dzikolo limakumbukira ana ake amene adafera ku nkhondo, monga timachitira ife mwezi wa Novembala pa chipilala cha ku Zomba. Mkulu wina wa mtundu wa Bunurong, a Mark Brown, adaimirira kuti alandire anthu pa nthaka ya makolo awo. Asanapite patali, kagulu ka anthu kadayamba kuwakuwiza. Ambiri mwa amene adalipo adawomba m'manja kuti phokoso la okuwizawo lisamveke. Nkhani idabuka dziko lonse, ndipo poti inali nyengo ya kampeni, idalowanso m'ndale. Mtsogoleri wa chipani chotsutsa pa nthawiyo, a Peter Dutton, adadzudzula okuwizawo, koma adawonjezera kuti mwambo wolandira anthuwu wafika ponyanya, ukuchitika paliponse.

Wina angadabwe kuti mawu a moni angautse bwanji mapiri pachigwa. Amalawi amene adakaphunzirako ku Australia kapena ku Canada, ngakhalenso amene adachitako maphunziro a pa intaneti okonzedwa ndi mayunivesite a kumeneko, mawuwa adawamvapo. Wotsogolera msonkhano asanatchule mutu wa zokambirana amayamba ndi kunena kuti akuzindikira eni nthaka ya pamalo pomwe akhalapo, n'kutchula dzina la mtundu wawo, kenako n'kupereka ulemu kwa akuluakulu a mtunduwo, amene adatsogola ndi amene ali moyo. Ena amawonjezera kuti ulamuliro wa pa nthakayo sudaperekedwe kwa munthu aliyense.

M'mawu ochepawa muli nkhani zitatu zolukanalukana: ulemu, umwini wa malo, ndi ulamuliro. Anthu akamakangana, kawirikawiri wina amakhala akunena za ulemu pomwe mnzake akumva za malo. Ndi bwino kuzimasula imodziimodzi.

Odi ndi fikani

Miyamboyi ilipo iwiri, ndipo kusiyana kwake aliyense wokulira kumudzi akumva msanga. Ukafika pakhomo pa eni umati odi. Mwini nyumba ndiye amati fikani. Mlendo sangadziuze yekha kuti fikani.

Mwambo umene amautcha Welcome to Country ndiye fikani. Amauchita ndi mkulu wa mtundu umene uli mwini dera limenelo, kapena munthu amene akuluakulu amuloleza. Nthawi zina pamakhala nyimbo ndi magule, nthawi zina amafukiza masamba aawisi, monga a bulugamu, kuti utsi udutse pa alendo ndi kuwayeretsa. Bulugamu yemweyu, amene wadzaza m'magomo mwathu, kwawo ndi komweko ku Australia. Akuluakulu ochita mwambowu amatchulidwa mwaulemu kuti Uncle kapena Aunty, ngakhale ndi munthu amene sali nawo pachibale, monga ife timanenera kuti agogo kwa wachikulire aliyense.

Mwambo wachiwiri, Acknowledgement of Country, ndiye odi. Uwu angaunene aliyense, mzungu, Mmwenye, Mmalawi, ngakhale Mwaborijini (munthu wa mitundu imene idalipo ku Australia Azungu asanafike) amene ali kudera la mtundu wina.

Muzu wa zonsezi ndi wakale. Azungu asanafike, ku Australia kunali zilankhulo zoposa 250, ndipo mtundu uliwonse unali ndi dera lake lodziwika malire. Munthu sankangolowa m'dera la eni. Ankaima kumalire, n'kudikira kuti amuitane, afotokoze chimene wadzera, apatsidwe chilolezo chomwa madzi ndi kusaka. Ndi malonje amenewo. Mwambo wamakono, wochitikira m'maholo ndi m'mabwalo a masewera, ambiri amati udayamba mu 1976 ku Perth, pamene a Richard Walley ndi a Ernie Dingo adalandira ovina ochokera ku New Zealand ndi ku zilumba za Cook, amene adafuna kuti eni nthaka awalandire kaye asanavine. Mu Febuluwale 2008 mayi Matilda House adachita mwambowu koyamba potsegulira Nyumba ya Malamulo ku Canberra, ndipo kuyambira mu 2010 nyumbayo imanena mawu ozindikira eni nthaka tsiku lililonse isanayambe zokambirana.

Chisokonezo chachikulu chagona pa liwu lakuti Country. Pachingerezi cha masiku onse limatanthauza dziko la mbendera ndi pasipoti. N'chifukwa chake ena amafunsa mokwiya kuti andilandire bwanji m'dziko langa lomwe, momwe ndidabadwira ine, bambo anga ndi agogo anga. Koma Aaborijini akamatchula liwuli amanena dera la mtundu wawo, pamodzi ndi mitsinje yake, nyama zake, nyenyezi za pamwamba pake, manda, nyimbo ndi nthano zofotokoza mmene phiri lililonse lidakhalira pomwe lilipo. Amalankhula za dera ngati wachibale: limadwala, limasungulumwa eni ake akachoka, limafuna kusamalidwa. Munthu wa ku Mzimba akapita kumaliro ku Nsanje, mfumu ya mudzi imamulandira, ndipo iye pomayankha amayamba wapereka ulemu kwa eni mudzi. Palibe amene wamulanda Umalawi wake. Umu ndi mmene ochita mwambowu amaumvera. Otsutsa amati fanizo lotere silikwanira, chifukwa mawuwo akanenedwa tsiku ndi tsiku m'sukulu, m'ndege ndi m'maofesi, amayamba kumveka ngati akugawa nzika m'magulu awiri, eni ndi obwera.

Dziko lopanda mwini

Kuti timvetse chifukwa chake odi ameneyu wachedwa zaka 200, tibwerere kumayambiriro. Akatswiri ofukula zakale amati Aaborijini akhala ku Australia zaka zoposa 50,000, ndipo ena amafikitsa pa 65,000. Kumpoto kulinso anthu a pa zilumba za Torres Strait, amene ndi mtundu wina wokhala ndi chikhalidwe chakechake. Mu 1770 James Cook adayenda m'mbali mwa gombe la kum'mawa n'kulengeza kuti lonselo ndi la mfumu ya ku Britain. Pa 26 Januwale 1788 Arthur Phillip, amene adabwera ndi zombo 11 zodzaza akaidi ndi asilikali, adakweza mbendera pamalo pomwe lero pali mzinda wa Sydney, pa nthaka ya anthu a mtundu wa Gadigal.

Malinga ndi malamulo a Azungu a nthawi imeneyo, dziko linkatengedwa m'njira zitatu: kuligonjetsa pankhondo, kulandira kwa eni ake kudzera m'pangano, kapena kungokhalamo ngati lilibe mwini. Ku Australia adatsata njira yachitatu. Ganizo limeneli limadziwika ndi mawu a Chilatini akuti terra nullius, kutanthauza nthaka ya wopanda mwini. Sikuti Angerezi sadawaone anthu. Adawaona, adamenyana nawo, ndipo ambiri adaphedwa ndi mfuti komanso nthomba. Koma poti sadaone minda yolimidwa ndi khasu, mipanda, kapena mfumu yokhala pa mpando monga ankadziwira kwawo, adagamula kuti anthuwo alibe lamulo la malo loti n'kulilemekeza.

Mu 1835 mzungu wina, John Batman, adayesa kugula malo aakulu kwa akuluakulu a mtundu wa Wurundjeri, pomwe lero pali Melbourne, powapatsa mabulangete, mipeni, nkhwangwa ndi ufa. Bwanamkubwa Richard Bourke adathetsa mgwirizanowo chaka chomwecho, ponena kuti malo onse ndi a mfumu ya ku Britain, choncho Mwaborijini alibe choti n'kugulitsa. Apa mbiri yathu ikusiyana pang'ono ndi yawo. Kuno azungu adapeza malo a ku Thyolo, Mulanje, Blantyre ndi Zomba posinthanitsa ndi nsalu, mikanda ndi mfuti kwa mafumu, ndipo m'zaka za m'ma 1890 Harry Johnston adawapatsa zikalata zotsimikiza umwini. Kugula kwake kunali kwa chinyengo, zotsatira zake zinali thangata ndi kuwukira kwa a John Chilembwe mu 1915, komabe pa pepala zinkaoneka kuti mafumu anali ndi chinthu choti n'kupereka. Ku Australia ngakhale chimenecho adachikana.

Kusiyana kwina ndi kokulirapo. Kwathu timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo atsamunda adakamukadi mu 1964, ulamuliro n'kubwerera kwa eni. Ku Australia mame sadakamuke. Obwera adachuluka mpaka kukhala mtundu waukulu, moti pa kalembera wa mu 2021 Aaborijini ndi anthu a ku Torres Strait adapezeka okwana 812,000 ndi kanthu, pafupifupi anthu atatu pa 100 aliwonse. N'chifukwa chake mawu akuti eni nthaka kumeneko ali ndi tanthauzo lapadera: anthu amene adalipo atsamunda asanafike, amene tsopano ndi ochepa m'dziko lolamulidwa ndi zidzukulu za obwera. Kuno ku Africa, komwe pafupifupi tonse ndife eni nthaka poyerekeza ndi Azungu, mawuwa m'malamulo amagwiritsidwa ntchito makamaka ponena mitundu ing'onoing'ono yokankhidwira kumbali, monga Asan a ku Botswana ndi Aogiek a ku Kenya.

Dandaulo la pa khungwa, dothi la m'dzanja

Nkhondo yofuna malo idayamba kuoneka bwino m'zaka za m'ma 1960. Mu 1963 boma lidapatsa kampani malo a anthu a mtundu wa Yolngu ku Yirrkala, kumpoto kwenikweni, kuti ikumbe mwala wa bauxite, womwewo umene ulinso m'phiri la Mulanje. Eni ake sadafunsidwe. Adalemba dandaulo m'chilankhulo chawo ndi m'Chingerezi, n'kulimata pa makungwa a mtengo ojambulidwa zizindikiro za mafuko awo, n'kutumiza ku Nyumba ya Malamulo. Zojambulazo sizinali zokongoletsa. Kwa Ayolngu zinali chikalata cha malo, umboni wakuti nthaka imeneyi ili ndi eni. Atakasuma ku khoti, woweruza Richard Blackburn adagamula mu 1971 kuti anthuwa alidi ndi malamulo awo ozama, koma malamulo a Australia sazindikira umwini wotere. Adagonja. Mnyamata amene ankamasulira mawu a akuluakulu m'khotimo anali Galarrwuy Yunupingu, ndipo dzina limeneli tikumana nalonso.

Mu Ogasiti 1966 abusa a ng'ombe a mtundu wa Gurindji, pafupifupi anthu 200 pamodzi ndi mabanja awo, adanyanyala ntchito pa famu ya Wave Hill ya kampani ya ku Britain ya Vestey, motsogozedwa ndi a Vincent Lingiari. Poyamba anthu ankayesa kuti nkhani ndi malipiro. Koma onyanyalawo adakamanga misasa pa malo a makolo awo ku Daguragu n'kunena kuti chomwe akufuna ndi nthaka. Adapirira zaka 9. Pa 16 Ogasiti 1975 nduna yaikulu Gough Whitlam idapita komweko, idatapa dothi lofiira, n'kulithira m'dzanja la a Lingiari. Chaka chotsatira padakhazikitsidwa lamulo lobwezera malo m'chigawo cha Northern Territory, ndipo lero pafupifupi theka la chigawocho lili m'manja mwa Aaborijini. Thanthwe lotchuka la Uluru lidabwezedwa kwa anthu a mtundu wa Anangu mu 1985, iwo n'kulibwereketsa ku boma kwa zaka 99 kuti likhale malo osungirako zachilengedwe. Kukwera pamwamba pake, komwe eni ake ankadandaula nako kwa nthawi yaitali, kudaletsedwa mu Okutobala 2019.

Koma amene adagwetsa terra nullius anali munthu wosamalira maluwa pa yunivesite ya James Cook ku Townsville. A Eddie Koiki Mabo adabadwira pa chilumba cha Mer ku Torres Strait, komwe banja lililonse limadziwa malire a munda wake ndi gombe lake. Tsiku lina, akucheza ndi aphunzitsi a mbiri yakale a payunivesitepo, adauzidwa kuti malinga ndi lamulo munda wa makolo awo si wawo, ndi wa boma. Sadakhulupirire. Mu 1982 iwo ndi anzawo anayi adakasuma. Mwa umboni umene udaperekedwa munali lamulo la Malo, mzimu waukulu wa anthu a pa chilumbacho, lomwe limati dzanja lako ndi phazi lako zisakhudze za mwini. Dzinalo langofanana mwangozi ndi liwu lathu lakuti malo, koma khutu la Mchewa silingalephere kuima pamenepo. Mlandu udatenga zaka 10. A Mabo adamwalira ndi khansa mu Januwale 1992, ndipo pa 3 Juni chaka chomwecho khoti lalikulu kwambiri la dzikolo, oweruza 6 mwa 7, lidagamula kuti ganizo lakuti Australia idalibe mwini linali lolakwika ndipo silingakhalenso maziko a lamulo.

Umwini wa makolo: mphamvu zake ndi malire ake

Chigamulocho chidabala chimene amachitcha native title, umwini wa malo wochokera ku malamulo ndi miyambo ya makolo. Mu 1993 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lofotokoza mmene anthu angaupemphere. Tingaufanizire ndi malo a makolo kwathu kuno, amene munthu amakhala nawo chifukwa cha mbumba yake, osati chifukwa cha chikalata chogulira. Boma silipereka umwiniwu ngati mphatso. Limangovomereza kuti udalipo kale ndipo sudafe.

Malire ake ndi awiri, ndipo ndi owawa. Oyamba ndi akuti paliponse pomwe boma lidagulitsa kale malo kwa munthu kukhala akeake, kapena pomwe padamangidwa msewu, sukulu ndi zina, umwini wa makolo udazimitsidwa. Palibe amene adalandidwa nyumba ku Sydney kapena ku Melbourne chifukwa cha mlandu wa a Mabo, ngakhale mantha amenewo adafala kwambiri pa nthawiyo. Mu 1996, pa mlandu wa anthu a mtundu wa Wik, khoti lidati pa malo aakulu amene boma lidabwereketsa kwa oweta ng'ombe, umwini wa makolo ungathe kukhalira limodzi ndi lizi ya mlimi, koma ziwirizi zikasemphana ya mlimi ndiyo imapambana.

Malire achiwiri ndi akuti opempha ayenera kusonyeza kuti akhala akusunga miyambo yawo pa nthakayo mosadukiza kuyambira pomwe Angerezi adafika. Taganizani. Boma lomwelo lidasamutsa anthu mokakamiza, lidaletsa zilankhulo zawo m'sukulu za mishoni, ndipo kwa zaka zambiri mpaka cha m'ma 1970 lidalanda ana m'manja mwa amayi awo kukawalera m'nyumba za boma ndi za azungu, zomwe nduna yaikulu Kevin Rudd idapepesa pa 13 Febuluwale 2008. Kenako anthu omwewo akufunsidwa umboni wakuti chingwe sichidaduke. Anthu a mtundu wa Yorta Yorta, a m'mbali mwa mtsinje wa Murray, adagonja mu 2002 pa chifukwa chimenechi. Mapeto ake, amene adavutika kwambiri ndi utsamunda, a m'madera achonde a kum'mwera, ndi amene amavutikanso kwambiri kupeza kanthu. Lero malo oposa theka la Australia ali ndi ufulu wina wake wa eni nthaka, koma ochuluka ali kuchipululu ndi kumpoto, ndipo m'malo ambiri ufuluwo ndi wongolowa, kusaka, kuwedza ndi kuchita miyambo, osati kuletsa ena.

Umwini wa makolo superekanso mphamvu yokana mgodi. Umapereka ufulu wokambirana. Zotsatira zake zidaoneka mu Meyi 2020 ku Juukan Gorge, m'chigawo cha Western Australia, pamene kampani ya Rio Tinto idaphulitsa mapanga awiri pofuna kukuza mgodi wa chitsulo. M'mapangamo munali zizindikiro zakuti anthu akhala akugonamo kwa zaka 46,000. Ofukula adapezamo chingwe cholukidwa ndi tsitsi la munthu cha zaka pafupifupi 4,000, ndipo atachiyeza adapeza kuti mwini tsitsilo ndi kholo la anthu a mitundu ya Puutu Kunti Kurrama ndi Pinikura amene alipo lero. Kampaniyo idali ndi chilolezo cha boma, sidaphwanye lamulo. Mkwiyo wa anthu ndi wa eni masheya udachititsa kuti mkulu wa kampaniyo atule pansi udindo, koma mapanga adapita.

Pa chipukuta misozi zinthu zikusuntha. Mu 2019, pa mlandu wa ku Timber Creek, khoti lalikulu lidalamula kuti anthu a mitundu ya Ngaliwurru ndi Nungali alandire ndalama za ku Australia pafupifupi 2.5 miliyoni, ndipo 1.3 miliyoni mwa izo zinali zolipira kuwawa kwa mumtima kotaya malo opatulika. Ndipo poti mlandu suola, a Galarrwuy Yunupingu, womasulira uja wa mu 1971, atakalamba adakasumanso m'malo mwa fuko lawo la Gumatj pa nkhani ya mgodi womwe uja. Adamwalira mu 2023. Mu Malichi 2025 khoti lidagamula kuti boma lalikulu likatenga umwini wa makolo liyenera kulipira mwachilungamo, monga limachitira ndi katundu wa munthu wina aliyense.

Ulamuliro: funso limene khoti lidakana kuyankha

Umwini ndi ulamuliro ndi zinthu ziwiri. Munthu angakhale mwini munda, koma amene amaika malamulo, kutolera msonkho ndi kuweruza milandu m'dziko momwe muli mundawo ndi wina. Ulamuliro ndi mphamvu yomaliza imeneyo. Pa mlandu wa a Mabo oweruza adanena momveka kuti funso lakuti Britain idatenga ulamuliro moyenera kapena ayi silingazengedwe m'khoti la Australia, chifukwa khotilo mphamvu zake zimachokera ku ulamuliro womwewo. Munthu sangadule nthambi imene wakhalapo.

Apa ndiye pagona mfundo ya amene amati ulamuliro sudaperekedwe. Iwo amati ngati dziko linali ndi eni, monga khoti lidavomereza, ndiye kuti njira yongokhalamo sinali yoona. Nkhondo yolengezedwa padalibe, pangano padalibe. Nanga ulamuliro udachoka bwanji m'manja mwa eni kupita kwa obwera? Mbali inayo imayankha kuti mayiko ambiri pansi pano adayamba ndi kulanda, kuti boma la lero limasankhidwa ndi nzika zonse kuphatikizapo Aaborijini, ndipo dziko limodzi silingakhale ndi maulamuliro awiri.

Aaborijini eni akewo satanthauza chinthu chimodzi akamatchula liwuli. Ochepa amanena boma lodziimira palokha. Ambiri amanena mphamvu yoyendetsa zinthu zawo, sukulu, zipatala, malo ndi chilankhulo, mkati mwa Australia. Chikalata chimene nthumwi pafupifupi 250 zidagwirizana ku Uluru mu Meyi 2017 chidafotokoza ulamulirowu ngati chinthu chauzimu, chingwe cholumikiza nthaka ndi anthu obadwamo amene adzabwereremonso, ndipo chidati sudaperekedwe, sudazimitsidwe, ukukhalira limodzi ndi ulamuliro wa boma. Ife amene timakhala pansi pa boma komanso pansi pa Kalonga Gawa Undi, Inkosi ya Makhosi kapena mfumu ina yaikulu, ganizo lakuti munthu angakhale ndi atsogoleri a mitundu iwiri silitidabwitsa, ngakhale kuti mafumu athu mphamvu zawo zidalembedwa m'malamulo a boma.

Mayiko ofanana ndi Australia adayenda njira ina. Ku New Zealand kuli pangano la Waitangi la pa 6 Febuluwale 1840, lomwe mafumu a Amaori oposa 500 adasaina. Koma pangano silithetsa mkangano. Chikalata cha Chingerezi chimati mafumu adapereka ulamuliro, pomwe cha Chimaori, chimene ambiri adasaina, chimati adapereka kawanatanga, udindo wa bwanamkubwa, n'kusunga tino rangatiratanga, ufumu wawo wonse pa nthaka, midzi ndi chuma chawo. Kusiyana kwa kumasuliraku kukuvutitsabe mpaka lero, moti mu Epulo 2025 Nyumba ya Malamulo idakana, ndi mavoti 112 kwa 11, bilu yofuna kutanthauziranso panganolo. Ku Canada kuli mapangano ambiri, koma madera ena alibe, ndipo mu Meyi 2025 Mfumu Charles, potsegulira Nyumba ya Malamulo ku Ottawa, idanena yokha kuti asonkhana pa nthaka ya anthu a Algonquin Anishinaabeg imene sidaperekedwe. Bungwe la United Nations litavomereza chikalata cha ufulu wa eni nthaka mu 2007, mayiko anayi okha ndi amene adavota kukana: Australia, Canada, New Zealand ndi United States. Onse anayi adadzasintha maganizo pambuyo pake.

Riferendamu ya 2023 ndi zotsatira zake

Chikalata cha ku Uluru chidapempha zinthu zitatu: liwu, pangano ndi choonadi. Liwu linali bungwe la eni nthaka lolembedwa m'malamulo aakulu a dziko, loti lizilangiza boma ndi Nyumba ya Malamulo pa nkhani zowakhudza, popanda mphamvu yoletsa lamulo. Kusintha malamulo aakulu ku Australia n'kovuta, kumafuna mavoti ochuluka m'dziko lonse komanso m'zigawo zinayi mwa 6. Mu 1967 zidatheka, pamene anthu oposa 90 pa 100 aliwonse adavomereza kuti Aaborijini aziwerengedwa pa chiwerengero cha anthu a dziko. Pa 14 Okutobala 2023 sizidatheke. Anthu 60 pa 100 aliwonse adati ayi, ndipo zigawo zonse 6 zidakana.

Kungakhale kulakwa kuganiza kuti adangogawikana azungu uku, akuda uku. Mmodzi mwa atsogoleri a mbali yokana anali senetala Jacinta Nampijinpa Price, wa mtundu wa Warlpiri, amene ankati bungwelo ligawa dziko potengera mtundu ndipo silithetsa nkhanza za m'mabanja ndi umphawi wa kumidzi. Senetala Lidia Thorpe adakananso, koma pa chifukwa chosiyana kotheratu: iye ankati bungwe longolangiza n'lochepa, choyamba chikhale pangano. M'midzi yakutali momwe Aaborijini ndi ochuluka, ambiri adavota kuti inde.

Mkangano wa mawu a odi aja umatsata mizere yomweyi. Pali amene amati mawuwa ndi chiyambi cha kunena zoona, ndipo mwana wa sukulu amene lero akudziwa kuti amakhala pa nthaka ya Awurundjeri akudziwa chimene makolo ake sadaphunzitsidwe. Pali amene atopa nawo, akuti akawerengedwa kanayi pa msonkhano umodzi amasanduka mwambo wa pakamwa chabe. Palinso Aaborijini amene amafunsa kuti odi wopanda kanthu m'manja apindula chiyani, pomwe anthu awo amamwalira msanga ndi zaka pafupifupi 8 poyerekeza ndi nzika zina, ndipo mwa akaidi atatu aliwonse m'ndende za dzikolo mmodzi ndi wawo. Mawuwo pawokha sasintha chikalata cha malo ngakhale chimodzi, ndipo alibe mphamvu iliyonse m'khoti. Ena mfundo imeneyi imawakhazika mtima pansi, ena ndi imene imawapweteka.

Riferendamu italephera, nkhani ya pangano idatsalira m'manja mwa zigawo, ndipo chilichonse chalowera kwake. Ku Queensland boma latsopano lidafafaniza lamulo lokonzekera pangano kumapeto kwa 2024. Ku Victoria, komwe kuli mzinda wa Melbourne kumene a Mark Brown adakuwizidwa, bungwe lofufuza zoona la Yoorrook lidagwira ntchito yake kwa zaka zinayi, likumva maumboni, ndipo kumapeto kwa 2025 boma la chigawocho lidasainirana pangano ndi nthumwi zosankhidwa ndi eni nthaka. Ndi loyamba la mtundu wake m'mbiri ya Australia, patatha zaka 190 chithetsereni mgwirizano wa John Batman pa nthaka yomweyo. Panganolo likukhazikitsa bungwe lokhalitsa la eni nthaka lotchedwa Gellung Warl, ndipo silikulanda munthu malo. Chipani chotsutsa m'chigawocho chidalonjeza kuti chidzalifafaniza chikadzapambana pa chisankho cha mu Novembala 2026.